Tsiku Limene Nangondo Anakana Kufika ku Tchalitchi

Mwambi umene ndikuuzeni lerowu, ana inu, unayamba motere. Ena adzakunamizani kuti ndi wakale kuposa galimoto, ndipo adzakusimbirani nkhani zawozawo. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Zimene ndikudziwa ine zinachitika cha ku Linthipe, ndipo mwambiwo muumva nkhani ikafika pake.

Kunali bambo wina dzina lake Dafuleni, mlimi wa njuchi. Ming'oma yake inali lendelende m'mitengo ya m'mbali mwa phiri, ndipo uchi wake unkagulidwa mpaka ku Lilongwe. Koma chimene a Dafuleni ankakhulupirira kuposa uchi chinali phula, lija limatsala ukafinya zisa. Ndowa ikabooka, ankamata phula. Ng'oma ikayamba kulira mosasa, phula. Mapazi akang'aluka m'chilimwe, phula lomwelo. Akazi awo, a Nangozo, ankati tsiku limene adzadandaule mutu adzawamata phula pachipumi.

Chaka china uchi utachita bwino, a Dafuleni anagula galimoto kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo. Inali yakalekale, yakuda, ya mphuno yaitali, ndipo zilembo za dzina lake zinali zitagwa kale, moti iwo anaitcha Nangondo. M'mawa uliwonse ankaipukuta asanasukusule n'kumaso komwe. Kuyendetsa anaphunzira ndithu, koma za m'kati mwa boneti ankangodziwa pothira madzi ndi pothira oyilo.

Tsono mwana wawo wamkazi, Sofileti, anapeza banja. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Mwana ndi wako pomudyetsa ndi pomuveka, koma likafika tsiku la ukwati mwini mbumba ndi malume ake. Malume a Sofileti anali a Fanuwelo, mchimwene wa a Nangozo, munthu wa mawu aakulu amene anayendetsa malole zaka zambiri mpaka msana utawakana. Pa chinkhoswe analankhula ndi iwo. Tsiku la ukwati anasankha ndi iwo. Mbuzi yoti iphedwe analoza ndi iwo, chikhalirecho mbuziyo inali ya m'khola la a Dafuleni. Zimenezi zinkawapweteka kwambiri a Dafuleni, kungoti mkamwini sadandaulira pagulu.

Chimene chinatsala m'manja mwawo chinali chimodzi chokha, kunyamula mkwatibwi kupita naye ku tchalitchi.

"Mwanawe," anatero kwa Sofileti, "amalume ako alankhule mpaka malovu aume. Koma pakhomo pa tchalitchi ndikakutsitsa ndine, mu Nangondo, anthu onse akuona."

"Bola tisakachedwe, ababa," anayankha Sofileti. "Abusa ati akangotha wathu akuthamangira ukwati wina kutsidya. Sadikira munthu."

"Nangondo anayamba wachedwapo?"

Sofileti anangoyang'ana pansi, chifukwa anali mwana waulemu.

Sabata ya ukwati itafika, a Dafuleni anadzuka n'kumva fungo la petulo pabwalo. Atasuzumira pansi pa galimoto anaona dothi lanyowa. Anailiza, ndipo inalira bwinobwino phazi lili popondera moto, koma atangochotsa phazi injini inayamba kunjenjemera, kutsokomola, kenaka zii. Anailizanso, n'kuchita chimodzimodzi. Kale Nangondo ankati akaima ankang'ung'udza yekha mofatsa, mwini wake n'kutsika kukapereka moni. Tsopano ankafuna kuti munthu azimupondera nthawi zonse.

Atatsegula boneti anaona kuti petulo akudontha pa kabuleta. Kwa inu amene mwabadwira galimoto zamakono, kabuleta ndi kachitsulo kokhala ngati kamphika, kamene kamakhala pamwamba pa injini. Ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya kuti injini idye. Petulo akachuluka injini imatsamwa, akachepa imafa ndi njala. Pambali pa kamphikako panali kabowo kakang'ono, ndipo petulo ankatulukira pamenepo, dontho ndi dontho.

Ali chiweramire choncho anamva belu la njinga. Anatseka boneti msangamsanga n'kukhalapo.

"Alamu!" anafuula a Fanuwelo akutsika panjinga, mphuno ili m'mwamba. "Kodi a Nangondo ayamba kukodza pogona? Ukalamba umenewu!"

"Ndi thukuta chabe, alamu. Kwatentha."

"Thukuta lonunkha petulo? Ndamva ndili kumseu uko mmene ikutsokomolera. Tadzukani pamenepo ndione. Matenda amenewa ndawachiza kambirimbiri."

A Dafuleni anatsala pang'ono kudzuka. Koma m'maganizo mwawo anaona tsiku la ukwati, a Fanuwelo ataimirira pakati pa anthu, akusisita mimba, akunena kuti, "Ngakhale galimoto imene yabweretsa mkwatibwiyi ndakonza ndine." Ndiye iwo, bambo wobereka, atsala ndi chiyani? Anakhazikika bwino paboneti paja ngakhale panali potentha.

"Musavutike, alamu. Inu muli ndi ntchito zambiri, zosankha mbuzi za eni ake. Izi ndithana nazo ndekha."

A Fanuwelo anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. "Chabwino, amakaniko a njuchi. Mukandifuna mukudziwa kumene ndimakhala."

Atangochoka, a Dafuleni anaganiza motere: chinthu chikamadontha ndiye kuti chabooka, ndipo chobooka mankhwala ake ndi amodzi. Analowa m'nyumba, natenga phula, nalifewetsa m'manja, nalikanikiza pa kabowo kaja mpaka kutsekeka. Anadikira. Dontho silinagwenso. Anaitana akazi awo kuti adzaone.

"Nangozo, taonani. Achimwene anu akanamasula injini yonse, zitsulo mbwee pabwalo pano. Ine chala chimodzi basi."

"Nanga petulo amene amatuluka uja wapita kuti?" anafunsa a Nangozo.

"Wakhala m'malo mwake."

"Ine za galimoto sindidziwa, bambo a Sofileti. Koma mphika ukamasefukira sindimata chivundikiro, ndimachepetsa moto. Bwanji osangowafunsa achimwene?"

"Kodi kuphika ndi kuyendetsa galimoto n'chimodzi?"

A Nangozo anabwerera kukapeta mpunga wa ukwati.

Funso lawo lija linali labwino. Petulo uja, atasowa potulukira, anayamba kutsikira kukhosi kwa injini. A Dafuleni atailiza, Nangondo anatulutsa chiutsi chakuda bii, chimene chinadetsa zovala zonse zimene zinali pachingwe. Nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndipo atachotsa phazi pamoto, injini inazima msanga kuposa poyamba.

Munthu wina akanaima pomwepo. Koma a Dafuleni anayang'anitsitsa kabuleta ija mpaka anaona kasikuluwu pambali, kokhala ndi kasipuling'i. Anatenga mpeni wodulira zisa, naika nsonga yake pa kasikuluwu kaja, napotoza pang'ono. Injini inakweza mawu. Anapotozanso, inakwezanso. Kasikuluwu kameneka ndi kamene kamauza injini mphamvu yolirira galimoto ikaima, ndipo odziwa amakakhudza pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. A Dafuleni anakapotoza mpaka kanakana kuzungulira. Tsopano Nangondo sankazimanso. Ankabangula ngati chigayo, galimoto yonse ikunjenjemera, ataima pamalo amodzi.

"Mwamva mphamvu?" anakuwa a Dafuleni.

Palibe anayankha, chifukwa palibe anamva funsolo.

Tsiku lotsatira anapeza kuti petulo wayamba kutuluka pena, polumikizira kapaipi kamene kamabweretsa petulo mu kabuleta. Anamasula kapaipiko, napaka phula lambiri kukamwa kwake, nakamanganso mwamphamvu, osaona kuti pomangapo phula lina likukankhidwira m'kati. Pofuna kuti asavutikenso, anamata phula kuzungulira chivundikiro chonse cha kabuleta, ndi pena paliponse pamene panaoneka ponyowa. Pomaliza kachitsulo kaja sikankaonekanso, ndipo njuchi zingapo zinabwera kudzazungulira boneti.

Madzulo ake Sofileti anabwera n'kugwada chapatali. "Ababa, galimoto ikulira modabwitsa. Ndikawaitane amalume angoimvera?"

"Iwenso? Kodi m'mudzi muno munthu wanzeru ndi mmodzi yekha?"

"Ayi, ababa. Ndangoopa."

"Usaope, mwana wanga. Ndinakulonjeza."

Ananena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandimvetsa chisoni ngakhale ndimaseka. Munthuyo mwana wake ankamukonda zedi.

Tsiku la ukwati linafika. Nangondo anamukongoletsa ndi maluwa ndi nsalu zoyera. Sofileti anakhala kumbuyo ndi atsikana omuperekeza, atavala diresi loyera ndi velo. A Fanuwelo anabwera atavala jekete, natsegula chitseko chakutsogolo kuti akhale, poti malo amenewo ndi a malume. Koma a Dafuleni sanafune kuti khutu la mlamu wawo likhale pafupi ndi injini ulendo wonse. Anali ataikapo kale dengu la makeke.

"Pepani alamu, malo atha. Makeke sangayende pansi."

A Fanuwelo anayang'ana dengu, nayang'ana mlamu wawo, nakatenga njinga yawo.

Mwambo wake mukuudziwa. Galimoto ya mkwatibwi imayenda pang'onopang'ono, amayi akuimba ndi kuvina m'mbali, nthungululu zili pakamwa, kuti mudzi wonse uone. Amayi anaima m'mizere, a Nangozo ali patsogolo, nayambitsa nyimbo. A Dafuleni analiza injini, ndipo nyimbo ija inamira m'chiphokoso. Analowetsa giya, nachotsa phazi pa kilachi mwaulemu ndithu, koma Nangondo analumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Amayi anabalalika, wina chitenje chili m'manja. Pamene utsi unkatha, galimoto inali itapitirira kale pachitsime, ndipo oimba aja anayamba kuithamangira nyimbo ili pakamwa.

"Ababa, chepetsani!" anakuwa Sofileti atagwira velo.

"Sindikuponda kanthu, mwanawe! Ikuyenda yokha!"

Anadutsa pasukulu, anadutsa pamsika, anthu osaona n'komwe kuti mkwatibwi wavala chiyani. Injini inatentha, ndipo inu mukudziwa chimene phula limachita likamva kutentha. La kunja linayamba kuyenderera. La m'kati, limene petulo anali atalinyambita kale masiku awiri aja, linasanduka phala n'kulowa m'tinjira tonse ta kabuleta. Atatsikira kudambo, pa mlatho wa mitengo, Nangondo anatsokomola kawiri, nagwedezeka, naima. Kunangoti zii, kumveka achule okha. Tchalitchi chinkaoneka patali pamwamba pa chitunda, denga lake likung'anima.

A Dafuleni anapotoza kiyi. Injini inazungulira koma osagwira. Anapotozanso mpaka batire linayamba kulira mwaulesi. Anatsika, natsegula boneti, naima manja ali m'chiuno kuti atsikana aja aziona ngati akudziwa chimene akuyang'ana. Anaima choncho nthawi yaitali, kamphepo ka kudambo kakuziziritsa injini, phula lija n'kumagwirananso m'kati.

"Ababa," anatero Sofileti motsitsa mawu, "tingodikira amalume. Sali patali."

Mawu amenewo anawalasa mumtima. Atacheuka anaona kadontho kakuda kakutsika chitunda cha kumudzi, ndipo anadziwa kuti ndi jekete la a Fanuwelo. Anatsimikiza kuti njingayo isanafike pamlatho, Nangondo akhala atalira.

Pamenepo anakumbukira zimene ankaona pa siteji ya Linthipe. Lole ikazima chifukwa petulo sakufika, madalaivala ankamasula paipi, n'kuiika pakamwa, n'kuyamwa mpaka chotsekacho chitachoka. Anaona kambirimbiri, koma sanafunsepo kuti amayamwa motani. Akanafunsa akanauzidwa kuti umayamwa pang'ono, lilime lili tcheru, ndipo ukangomva kuti zabwera umalavula msanga.

Anamasula kapaipi kaja, nakapukuta ndi mpango wa m'thumba la suti, nakaika pakamwa. Anayamwa, osatuluka kanthu. Belu la njinga linamveka chapatali. Anakoka mpweya, nayamwanso mpaka masaya analowa m'kati, koma kapaipi kanali gwa. Belu linamvekanso, pafupi tsopano. A Dafuleni anatseka maso, naponda pansi mwamphamvu, nayamwa ndi mphamvu zonse zimene Mulungu anawapatsa.

Chinachoka. Chibulumwa cha phula chachikulu ngati nzama, choterera ndi petulo, chinathamanga m'kapaipi muja, ndipo sichinaime pamano kapena palilime kuti chipereke moni. Chinangoti kukhosi mezu!

A Fanuwelo pofika anapeza mlamu wawo atakhala pansi m'mbali mwa mseu, maso ali psuu, misozi ili mbwembwembwe, akudziguguda pachifuwa.

"Alamu, mwatani?"

A Dafuleni anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma chimene chinatuluka chinali kugeya kwakukulu konunkha petulo. A Fanuwelo anabwerera m'mbuyo n'kuzimitsa ndi chidendene ndudu imene ankasuta.

"Ameza phula, amalume," anatero Sofileti. "Limene linali m'paipi."

"Phula? M'paipi mwa petulo mukufuna chiyani phula?"

A Fanuwelo anasuzumira m'boneti. Anatenga kamtengo n'kupala phula lija mpaka anapeza chivundikiro, nachitsegula. M'kati monse munali phala lachikasu.

"Alamu, alamu," anatero akupukusa mutu. "Bwerani muone. Umu muli kampira koyandama aka, ndi kasingano aka. Petulo akadzaza, kampira kamakwera, kasingano n'kutseka. Kachitsotso kanangokhala pa kasinganoka, n'chifukwa chake ankasefukira, injini n'kumatsamwa. Kabowo munatsekako sikobooka ayi, anakaika dala kuti osefukirayo azitulukirapo. Tsiku lija ndikanangogogoda apa ndi sipanala, mwina kutsuka pang'ono, basi. Ndipotu sindikanauza munthu."

Limenelo linali bodza, akanauza mudzi wonse. Koma zina zonsezo zinali zoona.

"Konzani tsono, alamu," anatero a Dafuleni ndi mawu osasa. Kanali koyamba kupempha, ndipo kunawawa kuposa petulo. "Chonde. Ndinamulonjeza mwanayu."

"Lero? Izi n'zofunika kumasula chilichonse n'kuwiritsa m'madzi. Mwina mawa madzulo."

Nthawi yomweyo belu la ku tchalitchi linayamba kulira pachitunda paja. Sofileti anatsika m'galimoto. Anayang'ana kuchitunda, nayang'ana bambo ake, nayang'ana njinga. A Fanuwelo anavula jekete n'kuliyala pa kaliyala. Mkwatibwi anakwinya diresi lake, nakhala cham'mbali, atsikana omuperekeza atanyamula nsapato m'manja kuti azithamanga pambuyo. Njinga isananyamuke anacheuka, misozi ili m'maso.

"Ababa, mukanangofunsa."

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. A Dafuleni anatsala pamlatho ndi dengu la makeke, akuyang'ana velo loyera likukwera chitunda kumbuyo kwa mlamu wawo. Amayi oimba aja anawapeza pomwepo, ali wefuwefu, ndipo anangowadutsa. A Nangozo okha anaima, namva zonse kwa amuna awo, nasenza dengu lija. Pamene a Dafuleni ankafika ku tchalitchi wapansi, anthu anali akutuluka, ndipo aliyense ankasimba za malume wachikondi amene anapalasa njinga ndi msana wodwala kuti mwana wa mlongo wake asaphonye ukwati.

Kumadyerero a Dafuleni anakhala okha pansi pa mtengo wa mango. M'mimba munkalira, ndipo akati ageye, amuna osuta fodya ankasuntha mipando. Mpunga unabwera, anaubweza. Nyama ya mbuzi yawo yomwe ija inabwera, anangoiyang'ana n'kutembenuka. Achibale a mkwati anayamba kunong'onezana kuti mwina bambo wa mkwatibwi sanakondwe ndi ukwatiwu. Potsiriza mayi wina wachikulire wa kuchimuna anapita pamene a Nangozo ankagawa ndiwo, nagwada, nafunsa anthu onse akumva.

"Pepani asewere, kodi tawalakwira chiyani bambo a mwana? Chifikire sanalawe kanthu."

A Nangozo sanasiye n'chipande chomwe.

"Musadandaule, asewere, simunalakwe. Anzathuwa adyeratu kunjira."

"Adya chiyani kunjira?"

"Funsani amene ali ndi dzina latsopano apowo," anatero a Nangozo akuloza ndi chipande kumtengo wa mango. "Dzina lawo ndi a Safunsa."

Atsikana operekeza aja, amene anaona zonse pamlatho, analephera kudzigwira, ndipo nkhani inayenda mphasa ndi mphasa mpaka anthu anagwa nako kuseka. Dzina la Dafuleni linathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akamalimbana ndi chinthu chimene sakuchidziwa, wodziwa ali pafupi, akuluakulu amangomuyang'ana n'kunena kuti: Safunsa anadya phula.